Siginecha ya Foni ya Ba Elsie

Ku Nangongwe, pafupi ndi poimira maminibasi, pali kantemba ka Ba Lastone okonza mafoni. Kale ankagwira ku fakitale ya feteleza. Ntchito itatha, anaphunzira za mafoni imvi zili mbuu.

Mkuluyu anali ndi mwambo wake. Foni yodula ikabwera, kaya yangosweka galasi, ankayamba kaye ayilumikiza ku kompyuta n'kusunga siginecha yake. Siginecha ndi chilolezo chimene kampani imapereka kuti foni ilandire sisitemu inayake. Ikatuluka yatsopano, kampani imatseka khomo la yakale, ndipo amene sanasunge sabwereranso m'mbuyo. Foni iliyonse ili ndi yakeyake, ya mnzako sigwira.

"Imwe mudala, muchedwetsa!" makasitomala ankadandaula.

"Muzanikumbuka," iwo ankangoyankha choncho. Ndipo ankawakumbukadi, sisitemu yatsopano ikailemera foni.

Kunyumba kunali akazi awo, Ba Elsie, amene matenda ankawadya mawu pang'onopang'ono. Lilime lisanaumiretu, anajambula mawu awo m'kapulogalamu kakale ka zithunzi. Akadina chithunzi cha kapu, foni yawo inkanena ndi mawu awoawo, "Nifuna manzi." Akadina nkhope ya amuna awo, inkati, "Ba Lastone, bwerani kuno." Foniyo sinkachoka m'manja mwawo, moti ku kantemba sinapondeko n'kamodzi komwe.

Lachinayi lina amayi a chigwirizano anabwera kudzapemphera ndi odwala. Mmodzi wa iwo, Ba Olivia, anaona kauthenga ka sisitemu yatsopano kakubwerabwera pagalasi la foni ya Ba Elsie, anayatsa intaneti yawo n'kudina kuvomera. Ati kuthandiza, ha! Foni itadzuka ndi sisitemu yatsopano, kapulogalamu kaja kanakana kutseguka. Okapanga anali atakasiya kalekale.

Ba Lastone anathamangira ku kantemba ndi foniyo. M'kompyuta munali masiginecha mbwee: a mabwana okhala kudera la Estates, a madalaivala, a anthu amene sanabwerenso n'komwe. Ya akazi awo munalibe, ndipo kampani inali itatseka kale khomo la sisitemu yakale. Abale inu, woumba mbiya adyeradi m'phale. Anadzida yekha, anasowa womukalipira.

Anabwerera kunyumba akukoka miyendo. Ba Elsie analandira foni n'kudina kapulogalamu kaja. Zii. Anadinanso, maso ali pa amuna awo.

"Nabwera, amake Daliso," anatero Ba Lastone, misozi ili chuchuchu. "Nili pano."

Koma chala cha Ba Elsie sichinaleke kudina.