Fumbi pa mapazi a chidole

Chidole chija ndinachipeza pansi pa belo la zovala zakale za salaula lomwe ndinkagulitsa pamsika wa ku Katondo, mu Kabwe. Chinali chimbalangondo chaubweya, khutu limodzi lothothoka. Palibe akanachigula, ndiye ndinakapatsa mwana wanga wamkazi, yemwe nthawi imeneyo anali asanayambe sukulu. Mwanayo pakamwa pake panali ngati wailesi, ankalankhula ngakhale ndi tsache.

Chaka chomwecho a zaumoyo anabwera mukomboni kudzayeza ana magazi, ndipo wanga anamupeza ndi mtovu wambiri. Mgodi wa mtovu wa m'tauni yathuyi unatsekedwa kalekale, koma fumbi lake linatsala ndi ife, m'misewu, pabwalo, mpaka m'mabedi a repu. Namwino anandiuza kuti ndizithira madzi pabwalo ndisanasese, mwana asamasewere padothi, ndipo zidole zake ndizizichapa tsiku ndi tsiku. Ndinafuna kumufunsa ngati anaonapo mwana wa mu Kabwe woyenda m'malere, koma ndinangoti zikomo.

Ndinkachapa chimbalangondocho madzulo aliwonse n'kuchiyanika pawindo, m'kati mwa nyumba. Kukacha ndinkachipeza chitatuwanso, makamaka nyengo ya mphepo, fumbi likamauluka kuchokera ku chulu cha zotsalira za mgodi. Ine mtima unkandipweteka. Mwana wanga ankaomba m'manja.

"Amami, onani mendo yake! Ayenda uyu tikagona."

"Ayenda kuti, iwe?"

"Ku tauni. Akwela sitima, agula na maswiti, manje abwela fasti fasti kuti musamumenye."

Tsiku lililonse ulendo unali wina. Lero chapita ku Mpima kukapempha mango kwa ansembe, mawa chakwatiwa ku Natuseko, mwamuna wake ndi galimoto ya mawaya ya mwana wa aneba. Chinkadyetsanso zidole zinzake zonse za mukomboni, ati chifukwa amayi awo ndi aumbombo. Ndinkaseka mpaka misozi, ngakhale ndinkadziwa kuti fumbi lili pachidolepo ndi lomwe mwana wanga wagona akupuma.

Kuchipatala ankamupatsa mankhwala, mtovu n'kutsika. Pakapita miyezi n'kukweranso. Namwino anandiuza mosabisa kuti mankhwala enieni n'kusamuka. Tisamukire kuti? Nyumbayi anamanga ndi agogo anga atachoka ku Dedza kudzagwira ntchito mumgodi, ndipo kumudziko palibe amene angandizindikire. Bambo a mwanayu nawonso amakumba miyala pachulu chomwecho kuti tidye. Ndinakwiya, koma womukwiyira sindinamuone.

Sindingaloze tsiku lomwe nthano zinatha. Zinayamba kufupika. Chimbalangondo chinkakwera sitima koma osafika kulikonse, chifukwa mwana ankaima pakati pa nkhani, mawu atamuthawa. Kenako kunabwera kudwaladwala m'mimba ndi kupsa mtima kosadziwika bwino. Atayamba sukulu, aphunzitsi ake anandiitana n'kundiuza mwaulemu kuti zomwe waphunzira m'mawa, pofika masana zimakhala zitauluka. Anabwereza kalasi yoyamba, n'kubwerezanso. Chidole anachisiya kuseri kwa mpando, ine n'kuchisunga m'ndowa yotseka.

Loweruka lina ndinatopa ndi bata la m'nyumba mwanga. Ndinatulutsa chimbalangondocho chili choyera bwinobwino, n'kuchipaka phulusa la pambaula kumapazi ndi pamphuno. Dothi la pabwalo sindikanayerekeza. Ndinachikhazika pawindo, ine mayi wamkulu ndithu, n'kuitana mwana wanga.

"Bwela uone, mami! Uyu muntu wako anayambanso kuyenda. Anali kuti lelo?"

Anabwera pang'onopang'ono, akukokera mapazi. Anachitenga n'kuchitembenuza, ndipo anachiyang'ana nthawi yaitali. Ndinaona milomo yake ikugwedera ngati akufunafuna poyambira. Kenako anakutumula phulusalo ndi dzanja, n'kundibwezera chidolecho.

"Ni doti chabe, amami," anatero, atagwira pachipumi. "Mutu unibaba. Nifuna kugona."