Mkamwini, apongozi ake ndi dothi lobwera ndi madzi

Lachiwiri lapitali ndinakalipiridwa, ine munthu wa imvi zanga, chifukwa cha dimba losakhala langa. Ndipo ndikuuzeni, chibadwire sindinakondwerepo ndi kukalipiridwa ngati tsiku limenelo.

Amene mumawerenga tsamba lino mukudziwa kuti ine ndine telala. Tsikulo ndinamanga madiresi pa njinga kukapereka kwa eni ake cha ku Pembamoyo, ndipo poti madzi aphwa tsopano, ndinadzera njira yachidule ya m'dambo. Ino ndi nyengo yoswa madimba, m'mbali monse mwa mtsinje mukumveka makasu okhaokha.

Ndikukankha njinga pamchenga ndinangomva, "Atelala! Taimani pomwepo!"

Anali a Naphiri, mayi wamasiye amene ndakhala ndikuwasokera zaka zambiri. Anakhala pansi m'mphepete mwa nsenjere, nsalu atafunda mpaka kumutu dzuwa lili paliwombo, atafulatira kuchithaphwi kumene dambo limathera. Kuchithaphwiko mwamuna wina wachinyamata anali kulimbana ndi dothi lakuda bii. Akakhapa kamodzi, khasu limatuluka litasenza matope, iye n'kuima kulipala ndi kamtengo.

"Atelala," anatero a Naphiri, mokuwa ngati ndili kutsidya pamene ndili pamphuno pawo, "inu mumati dothi lililonse lakuda ndi lachonde, eti?"

"Ine? Ndanena liti zimenezo, amayi?"

"Musanditsutse! Mumatero inu. Tsamiritsani njingayo mukhale pansi."

Ndinakhala. Pa tsamba la nthochi anali ataunjikapo kale timilu titatu ta dothi, pambali pake chikho cha madzi. Anatapa mulu woyamba, kuuwaza madzi, n'kundifumbatitsa.

"Finyani. Tsopano tambasulani dzanja."

Dothilo linangoti mbwee, kumwazika.

"Mchenga umenewo, wa m'mbali mwenimweni mwa mtsinje. Madzi akasefukira amayamba atula katundu wolemera, ndiye ameneyu. Mukathirira m'mawa, masana pauma. Pamenepo m'pa mbatata ndi mavwende, osati chimanga."

Ndinafuna kunena kuti amayi, ine mchombo wanga unagwera pa dambo lomwe lino, mchenga ndikuudziwa. Koma ndisanatsegule pakamwa ndinazindikira kanthu. Khasu lija linali litaleka kulira. Mwini wake anaima chotifulatira, akuyang'anitsitsa mpini ngati wauona koyamba.

Apo m'pamene mutu wanga unatseguka.

Pakhonde pa telala palibe nkhani imene siifika. Mwamuna uja ndi Yotamu, mkamwini wa a Naphiri, amene anakwatira mwana wawo Esinati chaka chatha. Kwawo kwa Yotamu ndi kumtunda, cha kwa Mlolo, kumene munda ndi katondo wofiira ndipo munthu akaona pakuda amathamangirapo. Atapatsidwa chigawo cha dimba, kuyambira kumtsinje mpaka kuchithaphwi, iye anasankha pakuda penipeni. Esinati anamuuza kuti pamenepo ayi, iye anangoseka. Chonsecho mkaziyo ndi woyembekezera, ndipo chimanga cha m'dimba ndicho chidzawagwire m'miyezi imene nkhokwe imayamba kuonetsa pansi.

Malume ake a Esinati, amene chiyambire sanamufune mkamwiniyu, anaona zonsezi koma anatseka pakamwa dala. Akhala akunena pamowa kuti mlendo ndi mame, ndipo dimba likangokanika aitana ankhoswe, Yotamu akulunge mphasa yake azipita kwawo.

Nanga a Naphiri akanatani? Mwambo wathu mukuudziwa. Mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana kumaso, salankhulana, akakumana panjira wina amalowa patchire. Ndiye mayiyu anakhala pamenepo chiyambire m'mawa, kudikira mwamuna aliyense wodutsa woti amubwereke makutu. Mwayi wake unagwera ine.

Basi ndinaulandira udindowo ndi manja awiri. "Kalanga ine, amayi!" ndinakuwa nanenso. "Ukalamba wonsewu osadziwa zimenezi! Nanga lakudali?"

A Naphiri anabisa kuseka m'nsalu, n'kundipatsa mulu wachiwiri. "Potani m'manja ngati mukupota chingwe." Linapoteka, kutalika ngati kanjoka. "Pindani." Linapindika mpaka nsonga zinakumana, osathyoka.

"Makande amenewo, atelala! Amakhala kutali ndi mtsinje, kumene madzi amafika atatopa n'kugona. Lero akumata khasu. Dzuwa la Okutobala likafika ang'aluka ming'alu yolowa phazi, mizu ya chimanga n'kuduka. Chonde ali nacho, koma ndi aumbombo, sagawira."

Mulu wachitatu sunali wokongola. Sunali wakuda, sunali wofiira, unali wotuwa ngati nsalu yochapidwa kawirikawiri. Koma nditaufumbata, zala zanga zinadziwa zokha. Ife atelala nsalu sitiigula ndi maso, timaigula ndi zala. Dothilo linali lofewa, timchenga tikumveka patalipatali. Nditafinya linagwirana, nditadina ndi chala chachikulu linanyenyeka. Kulipota, linapoteka pang'ono. Kulipinda, thyo!

"Ilo ndiye dothi la dimba!" anatero a Naphiri. "Mchenga ulimo, makande alimo, masamba oola alimo. Limamwa madzi koma silikhuta mopusa, ndipo chinyontho limasunga mpaka mondokwa atakhwima. Lili pakati, pamene pamamera nsenjere zonenepa, pamene mukakumba mupeza nyongolotsi. Pompano pamene ndakhala ine pano, atelala, ngati maso mulibe!"

Kenaka kuchithaphwi kunamveka kutsokomola.

"Atelala!" Anali Yotamu, akulankhula ndi mpini wa khasu. "Moni atelala! Inu amene mwayenda malo ambiri, tandiuzani. Munthu atati waswa kale pa makande, thukuta lakelo langopita pachabe?"

Ndinatembenukira kwa a Naphiri. Iwo sanadikire n'komwe kuti ndibwereze funsolo.

"Atelala, inunso mafunso anu! Pa makande mubzale nzimbe, zimakonda kuponda ponyowa. Ndipo amene waswa pamenepo ndi munthu wamphamvu, m'mudzi muno palibe anayesapo. Kungoti chimanga cha mwana wanga chikhale pano."

"Atelala, nanga mizere mumaikweza ngati ya kumtunda?" anafunsanso Yotamu.

"Atelala, musandikwiyitse! M'chilimwe mukweze mizere kuti mbewu ife ludzu? Mubzale m'maenje, pafupi ndi chinyontho!"

Ine ndili pakati, khosi uku, khosi uku, anthu awiri akucheza bwinobwino kudzera m'makutu mwanga, pamene ine sindinatulutse liwu ndi limodzi lomwe. Ntchito yopepuka chonchi sindinaigwirepo.

Potsiriza a Naphiri anandilozera kachitsime kothiririra kamene kanali pafupi ndi mapazi awo. M'khoma mwake dothi linali mizeremizere ngati nsalu zosanjikizana m'sitolo: uwu wotuwa, uwu woderapo, uwu wofiirira.

"Mzere uliwonse ndi madzi a chaka chake," anatero. "Wofiirawo mukuuona? Katondo ameneyo, wa kumtunda, wa cha kwa Mlolo komweko. Dothi limene limatidyetsa kunoli silinabadwire kuno, atelala. Ndi lobwera. Linabwera, linasakanizika ndi lathu, ndiye tikudya. Achimwene anga akabwera kudzasoketsa zigamba, mukawauze mawu amenewa."

Apa ine, ndisabise, misozi inalengeza m'maso. A Naphiri anadzuka, kukutumula nsalu, n'kuuyamba wa kumudzi osacheuka. Yotamu anadikira mpaka atalowa m'bango, kenaka anasenza khasu n'kudzayamba kukhapa pamalo penipeni pamene apongozi ake anakhala. Khasu linalowa ngati mpeni m'dzungu lophika, ndipo iye anaseka yekha.

Masiku ano achinyamata obwera kumigodi ndi ku Halale akuti mwambo wothawana ndi apongozi ndi wachikale, uthe. Mwina akunena zoona, ine sindine woweruza. Koma Lachiwiri lija ndinaona kuti chimene chikanapha dimba la Yotamu si mwambo ayi. A Naphiri mwambo unawamanga pakamwa, koma anapeza njira. Malume aja panalibe chowamanga, ndipo ndiwo anakhala chete.

Kodi si mmene timachitira ambirife? Mlendo timamupatsa khasu, malo osamuuza, kenaka n'kukhala pachulu kudikira kuti alakwe. Mkamwini watsopano, mtengwa wochokera kutali, mphunzitsi amene wangotumizidwa kumene kuchokera ku Fort Jameson, onsewa timawaonerera akuthamangira pakuda. Akagwa timapukusa mitu, amvekere ife tinadziwa kale.

Munadziwa kale? Nanga bwanji simunanene?

Dambo lililonse lili ndi mchenga wake, makande ake ndi pofewa pake, ndipo wobwera sangadziwe ndi maso. Paja amati safunsa anadya phula. N'zoona. Koma wooneranso mnzake akutafuna phula, iye uchi ali nawo m'manja, ameneyo timutche ndani?

Uthenga uja ndinaufikitsa. Malume a Esinati anabwera Lachinayi ndi buluku long'ambika pabondo, ndipo ndinawauza mawu onse a mlongo wawo, kuyambira za nzimbe mpaka za dothi lobwera, ndikupalasa makina, osachotsapo, osawonjezerapo. Anayang'anitsitsa singano ikukwera ndi kutsika. Kenaka anati, "Nzimbe pa makande paja zikhoza kuchita ndithu." Amene mukuwadziwa akuluwa muvomereza kuti kwa iwo kumeneko ndiye kugonja.

Dzulo wafika Yotamu, dothi lotuwa mpaka m'mawondo, nsalu yatsopano m'khwapa. Akuti ankhoswe agwirizana kuti chimanga chikangomera iye apereke mphatso kwa apongozi ake, kuti ayambe kulonjerana ngati mayi ndi mwana. Ndiye akufuna ndiwasokere diresi.

"Muyeso wake?" ndinafunsa mwachizolowezi.

"Atelala, mukufunsa ine? Ine amayi aja ndimangowadziwa kumsana ndi mawu."

Tinaseka mpaka anthu opita kumsika anaima kutiyang'ana. Muyeso ndili nawo m'mutu, ndipo diresi limeneli ndikulisoka ndi mtima wanga wonse.

Tsono inu mukuwerenganu, pafupi nanu pali ndani amene akuswa pa makande inu mukuonerera? Ngati pakamwa panu m'pomangika, musavutike. Njinga yanga imadzera m'dambo, ndipo makutu ndimabwereketsa ulere.