Chaka Chimene Tinathira Phulusa M'munda wa Mpunga

Kuseri kwa nyumba yathu ku Chinamwali kunali mgolo wachitsulo wodulidwa pakati, wakuda bii, wobooledwa ndi msomali kunsi kwake. Poyamba unali wosungiramo madzi, koma ine ndimaukumbukira ukufuka utsi wonunkha ngati mpunga wopserera mumphika. M'menemo ndi mmene amayi ankawotchera mankhusu a mpunga chaka chimene ndinali mu Sitandade 5.

Bambo anali atapita ku Joni kalekale, ndipo mbiri yawo inali itazilala. Tinatsala atatu: amayi, ine mwana wamkazi, ndi mlongo wanga wamng'ono amene anali asanayambe sukulu. Chimene chinkatidyetsa ndi munda wa mpunga umene amayi anasiyiridwa ndi amayi awo, kumunsi kwa mtsinje wa Likangala, komwe nthaka imayalana poloza ku Chilwa. Tinkapitako pa kabaza. Ukaima pamlambala wa munda n'kucheuka, phiri la Zomba linkaoneka lonse, mitambo itakhala pamwamba pake ngati duku.

Dzinja lapitalo munda unali utatichita zachilendo. Kumtunda mpunga unacha bwino. Koma kumunsi, kumene madzi ankakhazikika osaphwa, ngala zinangoima chilili, zobiriwira, ndipo ukazifinya ndi chala zinali zopanda kanthu mkati. Zochepa zimene zinabereka zinali ndi maso opindika ngati mlomo wa mbalame.

Amalume, amene anali mwinimbumba wathu, sanachedwe kupeza yankho. Ananena kuti mayi wina wamasiye amene ankalima moyandikana nafe watikawa, wakokera mpunga wathu m'munda mwake ndi mankhwala. Ankafuna kukamuzenga mlandu.

"Achimwene, mwamuona ndani akukawa?" anafunsa amayi. "Mayi amene uja tinkatunga naye madzi tili atsikana. Musanamutchule dzina, ndilekeni ndifunse kaye."

Wofunsidwayo anapezeka kudzera mwa ine. Pa phunziro la zaulimi ndinafotokoza m'kalasi za mpunga wathu wosawerama, anzanga n'kuseka, koma aphunzitsi sanaseke. Anali bambo wamtali, wa malaya oyera othimbirira pakolala. Loweruka lotsatira anabwera kumunda pa njinga yawo, napinda buluku, nalowa m'matope. Anatapa dothi, madzi ndi mpunga m'timapepala ta shuga, akuti akapereka kwa mnzawo amene ankagwira ntchito mulabu yoyezera zinthu m'tauni.

Yankho linabwera nyengo yotentha, mitengo ya jakaranda itachita maluwa m'misewu ya Zomba. Aphunzitsi anakhala pa mpando wathu umodzi wokhawo, amayi ndi amalume pamphasa, ine nditatsamira chitseko. Anati m'dothi la kumunsi kuja muli poizoni wotchedwa aseniki. Palibe anamuthira, ndi wa m'nthaka momwemo. Madzi akakhala nthawi yaitali osaphwa, poizoniyo amasungunuka, mizu n'kumamwa. Akachuluka, mpunga umakanika kubereka. Akachepa, umabereka ndithu, koma amakabisala m'maso a mpungawo, ndipo munthu wodya zaka ndi zaka amadwala pang'onopang'ono osadziwa chamudwalitsa.

Amayi anangoyang'ana pansi, akukanda mphasa ndi chala.

Amalume ndiwo anayankhula aphunzitsi atapita. Anati nkhaniyi ithere m'nyumba momwemo. Matumba a kumunsi tiwasakanize ndi a kumtunda, tigulitse, ndani angadziwe? Lero, ndili ndi ana anga, sindiwaweruza amalume monga ndinkachitira kale. Ankaopa njala, ndipo njalayo inali yoona. Koma m'mawa mwake amayi anavala chitenje chawo cha kutchalitchi, anandigwira dzanja, tinapita kwa bambo wa chigayo amene ankatigula mpunga chaka ndi chaka.

Anali Msilamu wachikulire, wa ndevu zoyera ndi kofia woluka. Amayi anamufotokozera zonse poyera, chigayo chikulira, anyamata onyamula matumba akumva. Anati mpunga wa kumtunda angagule, poti unayezedwa n'kupezeka kuti uli bwino, koma wa kumunsi sagulitsa kwa munthu aliyense. Bamboyo anawayang'ana nthawi yaitali.

"Mayi, mawu amenewa wina akanawameza," anatero. Kenaka analoza chimulu cha mankhusu chimene chinali kuseri kwa chigayo, chachitali kuposa denga. "Mwati aphunzitsi akufuna zimenezi? Tapani. Zimangondisowetsa malo."

Aphunzitsi anali atanena kuti mankhwala a poizoniyo ali m'mankhusu momwemo. Mawu awo ndimawakumbukira mpaka lero. "Muzu wa mpunga uli ndi khomo limene pamalowera chakudya chotchedwa silikoni, cholimbitsa phesi. Poizoniyo amazembera pakhomo lomwelo. Mukachulutsa silikoni, iye amasowa polowera." Phulusa la mankhusu, anatero, ladzaza ndi silikoni. Anawonjezera kuti tithire feteleza wokhala ndi salufa ndi zinki kuti mbewu ipirire, komanso kuti tizitsegula milambala madzi aziphwa, dothi lipume, kenaka n'kulowetsanso ena.

Ntchito ya mgolo ija inakhala yanga ndi amayi. Ndikaweruka kusukulu tinkasenza mankhusu m'matumba, n'kuwawotcha pang'onopang'ono, osalola malawi. Mankhusu amayabwa koopsa. Ankalowa m'khosi mwa diresi, m'tsitsi, m'mphuno, ndipo khungu langa linatuwa mbuu ngati la mwana wosasamba. Phulusa likazizira linali lopepuka, lolira tseketseke m'manja. Tinkalinyowetsa pang'ono kuti lisauluke, anyamata a kabaza n'kulinyamula kupita nalo kumunda, akuseka kuti sanaonepo munthu wolipira njinga chifukwa cha phulusa.

Chakudya chinachepa pakhomo. Mpunga wa kumunsi amayi anakaukwirira m'dzenje, kukana ngakhale kuupatsa nkhuku. Tinkadya chinangwa ndi mbatata, nthawi zina mango okha masana. Kusukulu ena anayamba kunditchula kuti mwana wa mpunga wa poizoni, ndipo mtsikana amene ndinkagawana naye chakudya anasiya kulandira changa. Ndinalira kwa amayi kuti bwenzi atangokhala chete. Iwo anangoti, "Dzina loipa limatsukika, mwanangu. Mimba ya mwana wa eni siitsukika."

Mvula itagwa tinamwaza phulusa m'ndime za kumunsi, tikulipondaponda ndi mapazi mpaka matope anasanduka otuwa. Tinawokera mbande kuchokera ku nazale, msana ukuwawa, madzi ofunda akufika m'akakolo. Chimene anthu sanachimvetse ndi kutsegula milambala. Tsiku loyamba limene amayi anakumba ndi khasu kuti madzi atuluke, alimi anzathu anaima m'minda mwawo kuonerera. Amalume anafika akuthamanga.

"Achemwali, mwapenga? Mpunga ndi wa m'madzi!"

"Ubwerera m'madzi, achimwene. Uyambe wapuma."

Ine ndinkachita mantha kuona dothi likuyamba ming'alu, koma amayi ankaponda ndi chidendene, akaona kuti lalimba n'kutsekanso, madzi n'kubwerera. Sanali kukhala kumunda masiku onse chifukwa cha ife, ndiye anafunika wina woyang'anira. Amene anadzipereka ndi mayi wamasiye uja. Anali atamva zimene amalume ankamunenera, pakuti kudambo nkhani siigona. Sanazitchule. Anangoti, "Anzanga, ndiuzeni tsiku lotsegula ndi lotseka," ndipo m'ndime yake ya kumunsi nayenso anathira phulusa.

Mpunga unakula mosiyana ndi kale. Mapesi anali olimba, masamba okakala moti ankacheka m'mikono. Tsiku lina aphunzitsi anazula phata limodzi, nalitsuka, natiwonetsa mizu yofiirira ngati yachita dzimbiri. Anati dzimbiri limenelo ndi chitsulo cha m'nthaka chimene chamatirira pamizu, ndipo nacho chimagwira poizoni asanalowe. Ndinaufinya muzuwo, chala changa n'kufiira.

Kenaka ngala zinatuluka. Masiku amenewo amayi sankadya bwino. Tinkafika kumunda n'kuthamangira kumunsi, iwo patsogolo ine pambuyo, kukafinya maso a mpunga. Poyamba munkatuluka madzi oyera ngati mkaka. Mkakawo unalimba. Ndipo m'mawa wina, mame adakali pamasamba, tinapeza ndime yonse yawerama, yachikasu, fungo la mpunga wa faya lili ponseponse, mpheta zikutera m'magulumagulu. Ndinathamanga pamlambala ndikukuwa, ndikumenya chitini, ndipo sindikudziwa ngati ndinkaingitsa mbalame kapena ndinkaitana anthu kuti adzaone.

Tsiku lomweta amalume anabwera osaitanidwa. Sanapepese ndi pakamwa. Anthu a msinkhu wawo sankatero. Anangoyamba kumweta ndime ya mayi wamasiye uja asanakhudze yathu.

Amayi anakana kuphika kapena kugulitsa mpaka mpunga utayezedwanso. Aphunzitsi anabwera nalo yankho masana ena a chiperoni, phiri litabisika ndi nkhungu. Anati poizoni sanatheretu, poti m'nthaka sachoka, koma watsika kwambiri moti mpungawo ungadyedwe. Phulusa ndi kuphwetsa madzi zisalekeke chaka chilichonse, ndipo pophika tizitsuka bwino n'kuthira madzi ambiri okhetsa. Patapita masiku bambo wa chigayo anatumiza anyamata kudzatenga matumba, ndipo chaka chotsatira chimulu cha mankhusu chija chinkatha, alimi akulimbirana.

Ine tsiku la yankholo ndinadumphadumpha pabwalo. Kwa ine tinali tapambana: taposa amalume, taposa oseka aja, ndipo mawa ndikayenda kusukulu mutu uli m'mwamba. Ndinkadikira kuti amayi aimbe nthungululu. Sanaimbe. Aphunzitsi atangotuluka, amayi anatiitana ine ndi mlongo wanga, natikhazika pakhonde powala. Anatenga manja athu, kuwatembenuza, kuyang'anitsitsa zikhato, kusisita ndi chala chachikulu. Anatero ndi mapazi omwe, kunsi kwake, mmodzimmodzi. Atatha anapuma mpweya wautali, natikumbatira mwamphamvu mpaka mlongo wanga anadandaula.

Ndinadziwa nditakula kuti poizoni ameneyu akakhalitsa m'thupi amayamba kuonekera m'zikhato ndi kumapazi, ndipo kuti mpunga wa kumunsi uja, umene sunkakongola pamsika, ndi umene amayi ankatiphikira ife kuyambira tili makanda. Nyengo yonseyo anasenza zimenezo okha, osatiuza. Koma tsiku limenelo ine ndinkangoganiza kuti aona litsiro, ndipo ndinathamangira kumpopi kukasamba m'manja.