Khala ndi Khalas

Mwezi wa Julaye ku Dubai dzuwa limayamba ukali likangotuluka. Ikamakwana naini koloko m'mawa malata a ku Al Quoz, dera la mafakitale, amakhala atayamba kale kuthetheka. Wokwera padenga ayenera kumwa madzi asanamve ludzu, kumanga nsalu yonyowa kumutu, ndi kutsika msanga akaona kuti thukuta lasiya kutuluka. Kwawo kwa Boniface Chimutu, kwa Mkanda ku Mchinji, mwezi womwewu ndi wa mphepo. Chimanga chimakhala chili m'nkhokwe, akuluakulu akuotha dzuwa kuseri kwa nyumba. Boniface anali ndi zaka makumi anayi ndi chimodzi, ndipo uyu, wa chaka cha 2003, anali Julaye wake wachiwiri kuno.

Sanali munthu wa maulendo. Ankalima fodya ndi mtedza, ndipo ku Lilongwe anali atapitako katatu kokha. Wa maulendo anali mng'ono wake Pius, wa bere limodzi koma bambo wina. Pius ndiye anapeza ntchito pa kampani ina yotsuka makina oziziritsa m'nyumba, amene amakhala pamadenga a mosungira katundu. Anafika mu Juni 2001. Anagwira masabata atatu.

Za imfa yake Boniface anamva m'kalata ya Mmalawi wina amene anali pagulu lomwelo. Tsikulo aliyense anali padenga lake. Masana kapitawo wawo, Mzambia wotchedwa Lubasi, anaima pansi n'kukuwira Pius kuti, "Khala!" Ena onse anatsika, galimoto n'kupita nawo kukapuma. Atabwerera anapeza Pius atakhala pansi, atatsamira makina, botolo lake lilibe dontho. Anamuika konkuno, mu mchenga. Kumudzi kunafika chikwama ndi nsapato.

Amayi awo, a Selinah, analira mwezi umodzi, kenako anayamba kulota. Pius ankabwera kudzapempha madzi, iwo akamupatsa chikho chinkakhala chobooka.

"Mng'ono wako akadali padenga," anamuuza Boniface. "Sadzatsika mpaka amene anamukhazika pamenepo atagona pansi. Iwe ukupalira mtedza."

Boniface anamaliza kupalira, anakolola, n'kusiya mkazi ndi ana anayi. Analembedwa pa kampani yomweyo. Popeza dzina la bambo ake linali losiyana ndi la Pius, palibe anafunsa kanthu.

Tsiku lachitatu ali pantchito, dalaivala wa ku Pakistan anatulutsa mutu pawindo n'kukuwa, "Khalas! Khalas! Yalla!" Boniface anakhala pansi pomwepo, pa simenti yotentha. Anzake anaseka mpaka kugwirana mapewa.

"Achimwene, dzukani mungapse matako!" anatero wina wa ku Zomba. "Khalas ndi Chiarabu. Ndiye kuti basi, zatha, werukani. Yalla ndiye tiyeni."

Boniface anaseka nawo pang'ono. Tsikulo sanadye.

Kuyambira pamenepo analibenso mpumulo. Ngati Lubasi anati khalas, ndiye kuti Pius anafa chifukwa cha kumvera, ndipo palibe wolakwa woti n'kumugwira. Koma Lubasi ankalankhula Chinyanja cha ku Lusaka. Mawu akuti khala ankawadziwa bwino, ndipo akanatha kuwanena. Wolemba kalata uja anali atabwerera kale kwawo, osadziwika komwe ali.

Boniface ali Fomu 2, asanasiye sukulu, aphunzitsi ena anawawerengera sewero lakale la ku Mangalande, la munthu wolumbira kulipsira imfa ya m'bale wake. Boniface ankangokumbukira kuti pomaliza mitembo inachuluka kuposa otsala oti aiike, ndi kuti iye ndi anzake ankanyoza munthuyo chifukwa chozengereza. Tsopano iye anali atazengereza miyezi khumi ndi itatu.

Ankamuyang'anitsitsa Lubasi. Anali wamtali, wa nthabwala, wokonda kugawira anzake tiyi wa mkaka. Anali ndi ana awiri aakazi ku Matero, ku Lusaka. Galimoto isananyamuke ankawerenga anthu kawiri, akuwagwira paphewa mmodzimmodzi. Ndipo pa miyezi yonseyo Boniface sanamumvepo akunena khalas, mawu amene aliyense ku Al Quoz amawatchula kambirimbiri patsiku. Nthawi yopuma ikakwana ankakuwa kuti, "Tsikani!" n'kudikira mpaka phazi lomaliza litaponda pansi. Boniface sanadziwe ngati chimenechi chinali chisoni kapena mantha a munthu wodziwa chimene anachita.

Amayi ake sankalemba. Ankalankhula m'kaseti, n'kupatsira aliyense wobwerera kuchokera kutchuthi. Makaseti oyamba ankayamba ndi za mvula ndi mbuzi. Ya mu Juni inalibe zimenezo. Mawu anali ochepa, chifuwa chikuwadula.

"Bonifasi, chisanu chino sindikudziwa ngati ndichiwoloka. Akuti ukudya naye mbale imodzi. Tamvera. Ukabwera usanachite, usaponde pakhomo panga. Ndikafa usadzaponye dothi pamanda anga. Ndinabereka awiri, wina ali padenga, wina sindikumudziwa."

Anaimvera kamodzi kokha, Lachisanu masana, tsiku lopuma kuno, anzake atapita kukayenda ku Satwa.

Lachinayi la sabata yachiwiri ya Julaye kunali mphepo ya mchenga. Kumwamba kunali kotuwa ngati phulusa, dzuwa losaoneka koma lowotcha chimodzimodzi. Anthu anachepa, choncho Lubasi anakwera yekha ndi Boniface padenga lalitali la mosungira matayala. Anatsuka makina asanu. Atafika pa makina achisanu ndi chimodzi anakhala mu kamthunzi kake kuti amwe madzi.

"A Lubasi," anatero Boniface, "munali ndi mnyamata wina kuno. Pius."

Lubasi anatseka botolo lake pang'onopang'ono.

"Mwachedwa, ba Boni. Ndinayembekeza funso ili chaka chatha."

"Mumadziwa?"

"Makutu a Pius amenewo mungabise? Ndi kayendedwe komwe, monga munthu wofuna nkhuku yotayika. Tsiku loyamba ndinati, aha, abwera a kwawo."

"Ndiye munangokhala chete, n'kumandipatsa tiyi."

"Manje ndikanakupatsani chiyani? Mpeni?"

Mchenga unkalira pamalata. Boniface anapukuta m'maso.

"Ndiuzeni chimodzi chokha. Munati chiyani?"

Lubasi anayang'ana manja ake.

"Kwa bwana ndinati ndinakamba khalas. Kwa apolisi chimodzimodzi. Mkazi wanga ndinamuuzanso zomwezo."

"Ine sindine bwana."

"M'mawa umenewo tinayambana. Anagwetsa sipanala, pang'ono kundiphwanya mutu, ndiye anaseka. Mwana wa masabata atatu. Ndinakwiya. Masana ndinamuona padenga, mtima ukali wowawa, ndinakuwa. Ndinafuna atsike. Ndinafunanso aphunzire. Mphepo inali monga iyi. Ba Boni, ndayesa kukamba mawu aja ndekha m'bafa, ndimve m'mene anatulukira. Tsiku lina amatuluka ndi mchira wa s uja, tsiku lina alibe. Sindidziwa. Chimene ndidziwa n'chakuti m'galimoto sindinawerenge anthu."

"Amayi anga akufuna mufe."

"Akanakhala anga akanafuna chimodzimodzi."

"Akuti ndikapanda kutero ndisadzaponye dothi pamanda awo."

Lubasi anasonkhanitsa mabulashi ndi paipi, n'kuziika m'chidebe.

Makwerero a kampaniyo anali aatali, a chitsulo chopepuka, ndipo pansi panali simenti yoterera ndi mchenga. Lamulo lake linali limodzi. Woyamba amatsika makwerero ali omangidwa pamwamba ndi chingwe. Womaliza amamasula chingwecho, n'kutsika wapansi atawagwira. Masiku onse Lubasi ankatsika poyamba kuti akaone za galimoto.

"Tsikani, ba Boni," anatero. "Chingwe ndimasula ndine."

Boniface anatsika ndi chidebe. Pabwalo panalibe munthu. Dalaivala anali kuseri kwa nyumbayo, injini ikulira. Boniface anaponda tsinde la makwerero ndi phazi lamanja, n'kugwira mbali zonse ziwiri. Chitsulo chinamuwotcha m'manja. Chingwe chinagwa pambali pake.

Kumwamba kunaoneka nsapato imodzi ikufunafuna popondera, kenako inzake. Mphepo inakankha makwerero, tsinde n'kusuntha pang'ono pa mchenga. Boniface anamva kulemera konse kwa munthuyo kukutsikira m'mikono mwake. Kungochotsa phazi kukanakwanira, ndipo aliyense akanati ndi mphepo. Anaona bwalo la amayi ake losesedwa, mtengo wa mango, anthu atazungulira dzenje, iye ataima patali kumsewu ngati mlendo. Anaona Pius atakhala pansi mwaulemu, akudikira kuti amuitane.

Lubasi sanayang'ane pansi. Ankatsika pang'onopang'ono, akuima pa sitepe iliyonse nthawi yaitali kuposa m'mene zimafunikira.

Boniface anakanikiza phazi. Nsapato zinafika pa mutu wake, pa chifuwa, kenako pa simenti. Anadikira kuti Lubasi apatuke. Anakoka chingwe chaching'ono chofupikitsira makwerero, anawagoneka pansi, anakulunga chingwe chachikulu pa chigongono, n'kusenza makwererowo paphewa kupita nawo kugalimoto.