Goodwill anagwada pa ayezi

Goodwill Kalekeni anakulira ku Springburn kumayiko a azungu, mwana woti ukamufunsa m'Chichewa amakuyankha m'Chingerezi. Chaka chatha timu ina inamulemba ntchito yosewera hoke ya pa ayezi, yomwe amamenya kampira ndi ndodo, ndipo ife akumpingo tinapita kukaonera masewero ake oyamba, kuzizira kukutilowa mpaka m'mafupa. Ndinamuona akuuluka pa nsapato zokhala ndi mpeni kunsi, akugwetsa zibambo zazikuluzikulu. Sindinakhulupirire kuti ndi yemwe uja ankasinza ku Sande sukulu.

Masewero atatha, anzake akukumbatirana, iye analunjika pachipata pomwe panaima amayi ake. Anavula chisoti ndi magolovesi, n'kugwada pa ayezi pomwepo, n'kuwapatsa moni ndi manja awiri.

"Mwaswera bwanji, amayi?"

Amayiwo, omwe sasowa chonena, anangogwira pakamwa.