Chilimwe cha Chikuku ku Bundabunda

Kwathu ku Bundabunda kunali kapu yachitini ya chogwirira chokhota, imene amalume anasula okha. Madzi ake ankamveka chitsulo m'kamwa. Ndinamweramo chilimwe chonse chija chikuku chitalowa m'mudzi, nthawi ya boma la chitaganya, ndili kamtsikana kongoyamba kumene sukulu.

Amalume anali mlongo wamkulu wa amayi. Onse awiri anachoka kummawa ali a mpingo umodzi, koma amalume atapita ku Lusaka kukaphunzira kukhoma ndowa, anabwerako ndi mutu wampala, ndevu, ndodo yaitali ndi mkanjo woyera. Mpingo wawo watsopanowo unkapemphera Loweruka pansi pa mtengo wa mpundu, ndipo unkaletsa mankhwala alionse, achipatala ndi amizu omwe. Abambo anali kumigodi, choncho mwamuna wotiyang'anira anali amalume. Njinga m'mudzi monse inali yawo yokha.

Aphunzitsi athu, amene ankalalikiranso kutchalitchi kwa amayi Lamulungu, ankakonda kudzakhala pomwe amalume ankakhoma malata. Aliyense ankabwera ndi Baibulo lake. Amalume ankatsegula pamene pamati wodwala aitane akulu a mpingo, ampempherere ndi kumudzoza mafuta, kenako n'kukamba za mfumu ija inadwala mapazi, n'kufa chifukwa inathamangira asing'anga m'malo mwa Mulungu. Aphunzitsi ankayankha ndi mfumu ina, imene mneneri weniweni analamula kuti aiike nkhuyu pachithupsa, ndipo inachira.

"Nanga mafuta amene mudzozawo si mankhwala?" ankafunsa choncho aphunzitsi.

"Mafuta sachiza, aphunzitsi. Achiza ni mwini wake wa mafuta."

Amatero uku nyundo ikulira, ketulo ya aphunzitsi ikumatidwa. Ndakalamba ndikumva alaliki akunyozana, koma sindinaonenso anthu awiri odziwa vesi la mnzawo bwino chotere. Wina akaiwala pomwe pali ndime yomutsutsira mnzake, mnzakeyo ndiye ankamutsegulira.

Woyamba kudwala anali msuweni wanga, mwana wamwamuna wa amalume. Ine ndinatsatira. Ndimakumbukira nyenje zikulira m'mitengo ngati zili m'mutu mwanga, thupi lonse tiziphuphu tangati mawere, maso omatika ndi manthongo oti amayi ankachita kunyowetsa ndi kansalu kuti nditsegule. Kutsidya kwa bwalo kunkamveka nyimbo za anthu a mikanjo, akupempherera msuweni wanga. Tsiku limene chifuwa changa chinayamba kulira ngati mluzu, amayi anandibereka n'kupita kwa mlongo wawo.

"Alongo, nifuna njinga. Ngati simupalasa, nikankha nekha mpaka kumishoni."

Amalume anaika nyundo pansi. Anthu a mpingo wawo anali pakhonde pomwepo, akumva zonse. Kenako amalume anavula mkanjo, naupinda bwinobwino, navala malaya akale a kaki.

"Mwana ni wako, chikhulupiriro ni chako. Msana ndiye wanga. Mumangirire pano."

Amayi anandimanga ndi chitenje kumsana kwa amalume, amayiwo n'kumatsatira wapansi. Za ulendowo ndimakumbukira thukuta la amalume likundiyabwa patsaya, fungo la mtovu wosungunula m'malaya, ndi mchenga umene unkawatsitsa panjinga kuti akankhe. Njira yonse ankaimba nyimbo za kumpingo kwawo. Mawu ankachokera mumsana kulowa m'khutu mwanga.

Chipatala cha kumishoni chinali cha masisitere, mpingo winanso wachitatu umene amayi ndi amalume onse ankautsutsa. Amalume anaima pampanda wa nkhadze, osaponda mkati, nandipereka m'manja mwa sisitere. Anandibaya jekeseni, ndinalira, ndipo amayi atafika anati kulirako kunawakhazika mtima pansi. Sisitereyo atamva kuti kumudzi kwatsala mwana wina, anatulutsa kabotolo ka mapiritsi. Amalume anakalandira ndi manja awiri.

Zotsatirazo ndinazimva kwa amayi nditakula. Amalume atafika kwawo sanalowe nako m'nyumba kabotolo kaja. Anakaika pamtondo panja, nauza akazi awo kuti, "Ine sininakupatse, komanso sinikuletsa." Atatero anapita kumpundu kukagwada. Akazi awo anatola kabotoloko. Msuweni wanga anachira, koma diso limodzi linachita ng'ala. Mpaka lero abale ena amati anachizidwa ndi pemphero, ena amati ndi mapiritsi, enanso amati diso lija likanapulumuka akanafulumira. Ine ndimagwirizana ndi omalizawa, ndipo ndikuganiza kuti amalume ankalingalira zimenezo nthawi zonse akamuyang'ana mwana wawo.

Aphunzitsi anabwera kwa amalume akumwetulira, akuyesa kuti mkangano watha. "Kodi tikusungireni malo patchalitchi?"

"Iyai. Vesi langa likali pomwe linali."

Sanasinthe zimene ankakhulupirira, ndipo sanapepese chifukwa cha ulendowo. Aphunzitsi nawo, ngakhale anali ndi ulaliki wopsa kale m'manja, sanatchulepo nkhaniyi paguwa.

Ndinatuluka m'chipatala mitambo itayamba kusonkhana kumpoto, miyendo ili ngati mapesi. Loweruka loyamba ndinazemba kupita kumpundu. Akulu a mpingo anaima kutsogolo ndi ndodo zawo monga mwa masiku onse, koma amalume sanali pakati pawo. Ndinawapeza kumbuyo kwenikweni, atakhala pafumbi pakati pa tiana, manja ali pamaondo, opanda ndodo. Ndinakondwa kwambiri. Ndinaganiza kuti atopa nawo akuluakulu ndipo asankha kukhala ndi ife. Ndinathamanga n'kudziponya pamiyendo pawo anthu onse akuona, iwo nandigwira mutu osasiya kuimba. Sindinkadziwa kuti kumeneko n'kumene ankakhazika munthu wolangidwa, ndiponso kuti mlandu wawo unali ine.