Tsiku limene amayi anachapa nyanja ya a Sakala

Ndikakumbukira agogo a Sakala, m'mphuno mwanga mumabwera fungo la mchere wonyowa, ndipo m'makutu mumalira kapampu kamene kankatulutsa thovu osapuma m'nyumba mwawo ku Greenbelt, kudziko lakunja kumene tinkakhala, khomo loyang'anizana ndi lathu. Sanali agogo anga enieni. Anali mkulu wa ku Chipata amene anagwirapo ntchito padoko la Dar es Salaam, ndipo atakalamba anagula thanki yagalasi, nathiramo madzi amchere, n'kumawetamo makorali, zamoyo za m'nyanja zooneka ngati miyala.

"Si miyala iyi, mwana, ni vamoyo," ankatero. "Manje yang'ana." Akayatsa getsi, pamwala wina pankatuluka timaluwa tobiriwira tambirimbiri, tikugwedezeka ngati udzu wa m'dambo. Ine kulumpha, kukuwa! Ndinabwereka kulaibulale buku lililonse la za nyanja, mpaka ndinadziyesa katswiri, pomwe kusambira sindinkatha.

Ankandisimbira za asodzi amene ankaphulitsa mabomba pamakorali kuti nsomba ziyandame. "Boma linkaloza asodzi, asodzi ankaloza boma. Pogwira nsomba, nyanja ni ya aliyense. Ikadwala, ilibe mwini."

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anagonekedwa m'chipatala chifukwa cha chiuno, kiyi n'kundisiyira ine. Loweruka kunabwera amayi a kutchalitchi, poti kwathu wodwala sabwerera m'nyumba yafumbi. Patsogolo panali amayi anga ndi mnzawo anaPhiri, amene ankagwira nawo ntchito yosamalira okalamba.

"Abale inu, mwamuna wokhala yekha!" anatero anaPhiri atasuzumira m'thanki. "Taonani ndere izi."

"Madziwa titaye, miyalayi tiinyike mujiki," anatero amayi.

"Iyayi, amake Chikondi, tiiwiritse."

Anakangana kwambiri, koma za kachapidwe basi. Ine ndinayesa: "Amayi, makoraliwo ndi..."

"Akulu akulankhula. Tenga ndowa, uzikataya madzi."

Ndinatengadi ndowa, mwana womvera. Koma ikadzaza, ndinkadutsa nayo pakhonde n'kukaikhuthulira m'bafa yathu, nditatseka potulukira madzi. M'ndowa ina ndinamizamo mwala wa timaluwa uja, n'kukauika m'bafamo. Kenako ndinazembetsa kapampu ndi getsi langa lowerengera. Ndinkathamanga ngati ndaba nkhuku, madzi akukhavukira m'nsapato, ndikuseka ndekha ndi mantha.

"Ndani wabweretsa nyanja m'bafa?" anafunsa bambo madzulo. Nditawanong'oneza, anangopukusa mutu nauza amayi kuti n'za kusukulu. Masiku amenewo tonse tinkasamba pasinki.

A Sakala anabwera akuyendera ndodo, amayi aja akuwaimbira nyimbo. Thanki inali mbee, miyala yoyera ngati mafupa. A Sakala anasuzumira m'thankimo. "Zikomo, amayi," anatero motsitsa mawu. "Mwagwira nchito."

Ndinawakoka malaya mpaka kubafa kwathu. Mwalawo unali gwa, wopanda duwa n'limodzi lomwe. Anakhala m'mphepete mwa bafa, nayandikiza getsi. Ndinali nditayamba kale kulira pamene kaduwa kamodzi kanasuzumira. Kenako kena. Kenako mbali yonse inachita biriwiri.

"Vamoyo!" anakuwa a Sakala, ndodo ili m'mwamba. "Amake Chikondi, bwerani muone!"

Amayi anagwira pakamwa. "Mayo ine! Ndiye zinazo tapha? Iwe, bwanji sunanene?"

A Sakala anaseka mpaka kugwira chiuno. "Ananena, amayi. Koma msonkhano unali wa akulu."

Mawa lake amayi okha anawaperekeza kukagula mchere wa m'thanki, thumba ananyamula ndi amayiwo.

A Sakala anatisiya kalekale, koma zidzukulu za timaluwa tija zili m'thanki yanga, ndipo kusambira sindinaphunzirebe. Ndikawerenga kuti makorali akuyera m'nyanja chifukwa madzi atentha, ndi kuti mayiko akumananso kuti akambirane, ndimadzuka n'kukaona ngati ndowa yanga ikadali pansi pa sinki.